Gitala ya rezoneta yotsika mtengo: mawu ake ali m'kambale ka m'kati

Munthu akaiona koyamba gitala ya rezoneta, maso amathamangira pa chivundikiro chachitsulo chobowolabowola chomwe chili pamimba pake. Ena amayesa ndi chokongoletsera chabe, ena amayesa m'katimo muli sipika ya magetsi. Achiwiriwa sanapite patali kwenikweni, kungoti magetsi mulibe. Pansi pa chivundikirocho pali kambale ka aluminiyamu, kopyapyala kosafika ngakhale theka la milimita, kopepuka moti mukakaika pachikhatho simumva kuti mwanyamula kanthu. Oimba amakatcha koni. Pa gitala wamba, nsambo zimagwedeza thabwa lapamwamba ndipo thabwalo ndi lomwe limakankha mpweya kuti mawu amveke. Pa rezoneta thabwa lapuma pantchito imeneyo. Nsambo zimatsamira pa koni, koniyo n'kumanjenjemera monga mmene chimachitira chipepala cha m'kati mwa sipika.

Kwa munthu wa thumba lopepuka, nkhani yonse yagona pamenepa. Gitala wamba yotsika mtengo imakhalanso yotsika mawu chifukwa thabwa labwino ndi lodula, ndipo likamatidwa lamatidwa, simungalisinthe. Rezoneta ndi makina omangidwa ndi masikuluwu. Chimene chimatulutsa mawucho mutha kuchimasula, kuchikhazika bwino, kapena kuchichotsa n'kuikamo china. Choncho rezoneta yotchipa, bola khosi lake likhale lolunjika, ili ndi mwayi wokhala gitala yabwino. Koma kawirikawiri simafika m'manja mwanu itakhala kale yabwino.

Kumene inachokera

Zinayambira ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1920, magitala a magetsi asanabwere. Woimba gitala m'gulu lalikulu ankangooneka manja akuyenda, mawu ake atamizidwa ndi malipenga, banjo ndi ng'oma. George Beauchamp, yemwe ankaimba gitala ya chi Hawaii m'mabwalo a zisudzo, anapita kwa John Dopyera, mmisiri wa zoimbira wobadwira ku Slovakia, kukamupempha gitala yomveka patali. Mu 1927 inatuluka gitala ya makoni atatu ya dzina la National. Thupi lake linali la chitsulo chotchedwa German silver, ngakhale mulibe siliva ngakhale kadontho; ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo ndi zinki. Yotsikitsitsa ya mtunduwo inkagulidwa madola 125, ndalama zoti woimba wamba wa nthawi imeneyo ankangozimvera kwa ena.

Sipanapite nthawi eni ake anakangana. Dopyera anachoka n'kukayambitsa kampani ina ndi abale ake, n'kuitcha Dobro, chidule cha Dopyera Brothers, komanso liwu lomwe m'chilankhulo cha kwawo limatanthauza zabwino. Umwini wa kapangidwe ka koni imodzi unali utatsala ku National, ndiye iye anangoitembenuza koniyo chagada n'kuika pamwamba pake chitsulo cha miyendo isanu ndi itatu. Mkangano wa Dopyera ndi Beauchamp umenewo ndi womwe unabala mitundu yomwe wogula wa lero amayenera kusankhapo.

Pali chinthu chimodzi m'mbiriyi chomwe ogula ambiri sachidziwa, ndipo chimatonthoza mtima. Mawu a blues omwe anthu amawasirira kwambiri sanachokere pa magitala odula aja. National inatulutsa Duolian, ya koni imodzi ndi thupi lachitsulo wamba lopakidwa utoto, pa madola 32.50, ndipo mtundu umenewu ndi womwe oimba a m'misewu ankaukwanitsa. Bukka White ankaimba Duolian ya mu 1933. Nawo magitala a Dobro, kuphatikizapo omwe kampani ya Regal ya ku Chicago inkapanga italandira chilolezo, ambiri anali a matabwa omatikiza, pulayiwudi weniweni. Kutchipa si mlendo pa gitala iyi, ndi mwana wa m'nyumba.

Chinaigwetsa pamsika ndi Beauchamp yemwe uja. Iye ndi Adolph Rickenbacker, yemwe fakitale yake inkasula matupi achitsulo a National, anatulutsa gitala ya magetsi kumayambiriro kwa m'ma 1930, vuto la kusamveka n'kuthera pomwepo. Kenako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatenga zitsulo zonse. Rezoneta inapulumuka chifukwa cha kakomedwe ka mawu ake basi. Lero dzina la Dobro lili m'manja mwa kampani ya magitala ya Gibson kuyambira mu 1993, ndipo National Reso-Phonic, yomwe inayamba mu 1989, imapanga magitala apamwamba ku San Luis Obispo m'chigawo cha California. Otsika mtengo ambiri, a mayina monga Gretsch, Recording King, Regal, Epiphone, Republic ndi Michael Messer, amapangidwa m'mafakitale a ku China.

Bisiketi, kangaude, ndi makoni atatu

Musanafunse mtengo, dziwani mtundu wa koni, chifukwa apa m'pamene anthu amagulira gitala yabwino yosagwirizana ndi nyimbo zawo.

Mtundu woyamba ndi wa National, womwe amautcha wa bisiketi. Koni yake, yotambalala mainchi 9.5, imakhala chovundikira, nsonga ili m'mwamba. Pansongapo pamamangidwa kathabwa kozungulira, ndipo kathabwa kameneka ndi komwe kanapatsa mtunduwu dzina. Pakathabwapo pamaimirira sadulo, kamtengo komwe nsambo zimadutsapo. Palibe chotchinga pakati pa nsambo ndi koni, ndiye mawu amatuluka mwaukali, nthawi imodzi, n'kuzima msanga. Mukakhudza nsambo imati thwa, isanathe n'komwe kulira yatha kale. Ena amati imauwa, ndipo sakunyoza. Ndiwo mawu a woimba blues Son House, oyenera munthu woimba mogunda, chala chachikulu chikusunga kayendedwe ka nyimbo pa nsambo zokhuthala.

Wachiwiri ndi wa Dobro, wa kangaude. Koni yake ndi yokulirapo, mainchi 10.5, ndipo imakhala chagada ngati mbale. Chitsulo cha miyendo isanu ndi itatu chija chimaponda m'mphepete mwa koni, ndipo sikuluwu imodzi yapakati imalumikiza ziwirizi. Mawu amayenda njira yaitali, kuchoka pa sadulo, kudutsa m'miyendo, kukafika m'mphepete, ndiye amatuluka ofatsa, a m'mphuno pang'ono, ndipo amachedwa kuzima. Ndiwo mawu a nyimbo za country ndi bluegrass. Josh Graves atalowa gulu la Lester Flatt ndi Earl Scruggs mu 1955 anaipatsa gitalayi malo ake mu bluegrass, ndipo Jerry Douglas anadzaifikitsa kutali zedi.

Wachitatu ndi woyambirira uja, wa makoni atatu a mainchi 6, olumikizidwa ndi chitsulo chooneka ngati chilembo cha T. Mawu ake ndi osalala, odzaza, ndipo amakhalitsa. Sol Hoopii ankaimba mtunduwu m'nyimbo za chi Hawaii, Tampa Red mu blues. Ine sindilimbikitsa munthu kuyambira pa yotchipa ya makoni atatu. Pali malo atatu oti china chake chisakhale bwino m'malo mwa amodzi, ndipo kuti chitsulo cha T chiponde makoni onse mofanana pamafunika dzanja lodekha lomwe fakitale yothamangira chiwerengero siliipatsa nthawi.

Funso lachiwiri ndi la khosi, ndipo limeneli silikhululuka. Pali khosi lozungulira ndi khosi la ngodya zinayi. Lozungulira ndi la gitala wamba: mumaigwira monga mwa nthawi zonse, mumadina makodi (manotsi angapo olira pamodzi) ndi zala, mukafuna mumavala silaidi, kachubu ka kuchala kotsetsereketsa pa nsambo. La ngodya zinayi ndi chimtengo chochindikala chomwe dzanja silingachizungulire. Gitala yotere mumaigoneka pamiyendo chagada, nsambo zili m'mwamba pafupifupi sentimita yathunthu kuchoka pa mafureti, tizitsulo topingasa ta pakhosi, ndipo mumaimba ndi chitsulo chogwira m'manja. Mafureti ake ndi zizindikiro chabe zokuuzani pamene muli. Simungadinepo kodi ngakhale imodzi. Anthu ambiri oitanitsa pa intaneti amangoona chithunzi chakutsogolo, pomwe mitundu iwiriyi imafanana ngati mapasa, n'kudzazindikira atatsegula katoni.

Amene sanaganize bwino mbali yomwe akufuna atenge ya khosi lozungulira. Pali kachitsulo kotchipa kovundikira pa nati, pomwe nsambo zimatsamira kumutu kwa khosi, komwe kamakweza nsambo kuti muyesere kuimba chogoneka. Mukaona kuti si zanu, mumangokachotsa. Ya ngodya zinayi ilibe njira yobwererera.

Za thupi, anthu amakangana kuposa mmene nkhaniyo ikuyenerera. Lachitsulo limawonjezera kulira kwa belu ndi kuwawa pang'ono, lamkuwa limafatsako, lamatabwa limatenthetsa mawu. Zonsezi n'zoona, koma kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa bisiketi ndi kangaude. Ntchito yaikulu ya thupi ndi kukhala lolimba, losagwedezeka, ngati bokosi la sipika, kuti mphamvu yonse ipite ku koni. N'chifukwa chake pulayiwudi pa rezoneta si chinthu chochititsa manyazi. Chomwe muyenera kuganizira kwambiri ndi kulemera. Ya thupi lachitsulo imafika pafupifupi makilogalamu anayi, imatsetsereka pamwendo, ndipo mukaimba choimirira kwa ola limodzi phewa limakuuzani. Kunyezimira kwa nikelo ndi zojambula za mitengo ya kanjedza kumbuyo kwake zimakopa ndithu, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: pa ndalama zofanana, ya matabwa nthawi zambiri imakhala yomangidwa bwino kuposa yachitsulo, chifukwa ndalama sizinathere pa kupukuta.

Poigwira m'manja musanalipire

Yambirani pa khosi, osati pa mawu. Mawu amakonzeka, khosi lolakwika limadya ndalama zoposa mtengo wa gitalayo. Ikani diso kumutu muyang'ane motsata m'mphepete mpaka kuthupi. Kupindika pang'ono kolowa m'kati n'koyenera, ndipo kumawongoleka ndi chitsulo cha m'kati mwa khosi, ngati chilimo. Funsani kuti chilimo komanso kuti chikutembenuka. Koma khosi lopotoka, mbali imodzi yokwera ina yotsika, lisiyeni.

Kenako yang'anani kudzera pa mpata wa chivundikiro, pamene nsambo zikudumpha sadulo kupita ku chitsulo chozigwira kumchira. Ziyenera kutsika pang'ono, mooneka. Kutsika kumeneko ndi komwe kumakanikiza koni kuti ikhale pamalo ake n'kulira. Nsambo zikamadutsa pafupifupi chowongoka, koni siikupanikizika mokwanira, mawu amakhala ofooka ndi olirira. Zikamatsika mophotchoka kwambiri, koni yatsamwa, ndipo tsiku lina idzafwamphuka. Tsopano phatikizani ndi kutalika kwa nsambo pa fureti ya 12. Ngati nsambo zili m'mwamba kwambiri koma sadulo yatsitsidwa kale mpaka yatsala pang'ono kutha, ndiye kuti khosi linalumikizidwa mopendekera molakwika ndipo palibenso potsitsa. Pa gitala yogwiritsidwapo kale ntchito pali chizindikiro china chosabisika: mukaona nsambo zadutsitsidwa pansi pa mlomo wa chitsulo chakumchira m'malo mwa pamwamba, dziwani kuti mwini wake ankafunafuna kutsika kuja mwa njira yachidule. Ankabisa matenda a khosi.

Mukatero imbani nsambo iliyonse payokha, fureti ndi fureti, mwamphamvu, khutu lili tcheru kumvera kunjenjemera kwachilendo. Yerekezani mawu a nsambo yosadina ndi a pa fureti ya 12. Pa rezoneta zambiri sadulo ndi yowongoka, yosasemedwa kuti nsambo iliyonse ilondole, ndiye kuphonya pang'ono kumakhalapo ngakhale pa zodula. Woimba ndi silaidi sazimva, poti khutu lake ndi lomwe limasankha malo. Woimba makodi kumtunda kwa khosi zimamupweteka. Mudziwe mbali yomwe inu muli. Pomwepo onaninso pamene khosi lakumana ndi thupi: pa fureti ya 12 kapena ya 14. Ya 12 imakhala ndi thupi lalitaliko ndi mawu akuya; ya 14 imapatsa dzanja malo okwera.

Ndipo musathere ndalama zonse pa gitalayo. Siyani gawo la nsambo zatsopano, silaidi, ndi mmisiri woti aikhazike bwino. Rezoneta yotchipa yokhazikidwa bwino imaposa yodulirapo yomwe yangotuluka m'katoni.

Kusaka kamkokomo

Pafupifupi rezoneta iliyonse, tsiku lina, imayamba kulira ngati muli njuchi m'kati. Ndi zitsulo zogundana ndi zitsulo, zonse zikunjenjemera, ndiye n'zosadabwitsa. Chofunika ndi kusaka mwadongosolo, kuyambira kunja. Imbani nsambo yomwe ikuyambitsa phokosolo, dzanja linalo likuyenda. Dinani chivundikiro ndi chala, malo ndi malo. Phokoso likasiya, sikuluwu ya pamenepo yamasuka. Imangeni pang'onopang'ono, chifukwa timasikuluwu timeneti timaphotchola mabowo ake mosavuta. Gwirani chitsulo chakumchira: nthawi zambiri chimakhudza chivundikiro, ndipo kachikopa kapena kansalu kochindikala koika pansi pake kamathetsa nkhaniyo. Gwirani timphete takumapeto kwa nsambo, gwirani zochunira kumutu. Pa gitala ya kangaude muonenso tisefa tiwiri tozungulira ta pafupi ndi khosi, tomwe timamasuka m'mabowo ake.

Pa kangaude pali sikuluwu yapakati ija, yomwe mumaifikira kudzera pa kabowo ka pa chivundikiro. Anthu ambiri amaiwononga gitala pa sikuluwu imeneyi poganiza kuti kumanga kwambiri ndiko kukonza. Ikamasuka, gitala imalirira. Ikamangika mopitirira, mawu amatsamwa ndipo pakati pa koni pamakokeka mpaka kupindika. Njira yake ndi iyi: imasuleni mpaka mumve kuti yasiya kugwira, muimangenso mpaka mutu wake ungokhudza, kenako muwonjezere theka la kuzungulira, mwina kufika kuzungulira kumodzi. Imbani, mverani, siyani pomwepo.

Zonsezi zikakanika, vuto lili m'kati. Koni simamatidwa, simamangidwa. Imangokhala pa kashelefu kozungulira, ndipo chomwe chimaigwira ndi kukanikiza kwa nsambo basi. Kashelefuko kakakhala ndi kadontho ka guluu wouma, utuchi, kapena utoto wochindikala mbali imodzi, koni imakhala chopendekera ndipo pamatsala kampata. M'magitala otchipa apa ndiye pamene fakitale imathamangapo, poti wogula saonapo. Kupalapo mosamala ndi kupukuta kumasintha gitala mosayembekezeka. Pa kangaude, mapazi onse asanu ndi atatu ayenera kuponda mofanana. Amisiri amaika chitsulocho pa sandipepala yoyalidwa pa galasi n'kuchikhuta mpaka chisiye kugwedera.

Ine ndinaphunzira za koni yosamangidwayi mopusa. Nditagula yanga yoyamba, ya bisiketi, ndinachotsa nsambo zonse zisanu ndi imodzi nthawi imodzi kuti ndipukute bwino, monga ndinkachitira ndi gitala wamba. Ndinainyamula, ndinaitembenuza, ndinamva kanthu kakuti khwe m'kati, osalabadira. Nditaika nsambo zatsopano, sadulo inali itapendeka, nsambo yoyamba ikuthawira m'mphepete mwa khosi, kodi iliyonse ikumveka ngati yabwerekedwa. Ndinatha madzulo onse ndikumasula, ndikutembenuza kabisiketi ndi nsonga za zala, ndikuchunanso. Kuyambira pamenepo ndimasintha nsambo imodzi imodzi, zinazo zikugwira koni.

Nanga kusintha koni? Ndi chinthu choyamba chomwe anthu amalangizana, ndipo nthawi zina n'choona. Makoni amapangidwa njira ziwiri. Ina ndi yodinda: chitsulo chopyapyala chimapanikizidwa m'chikombole kamodzi, yatha. Ina ndi yopota: kachimbale ka aluminiyamu kamazungulira pa makina, mmisiri akukakankha ndi ndodo yosalala kuti kagone pa chikombole pang'onopang'ono. Yopota imatuluka yopyapyala ndi yolimba, ndipo mumaizindikira ndi timizere tosalala tozungulira pankhope pake. Mukaitulutsa, ikhazikeni pa nsonga ya chala pakati pake n'kugogoda m'mphepete ndi chikhadabo. Yabwino imalira ngati kabelu, kulira kwake n'kumapitirira. Yakufa imangoti phwa. Makoni a makampani monga Beard ndi National amagulitsidwa paokha ndipo amalowa m'magitala ambiri otchipa. Komabe musathamange. Magitala ambiri otsika mtengo a masiku ano amabwera kale ndi koni yopota, ndipo chomwe chikuwapha ndi kakhazikidwe. Koni yatsopano pa shelefu yokhota imalirira chimodzimodzi. Yambani mwakonza pokhala pake ndi sadulo, yomwe ikakhala ya mtengo wofewa kapena yolowa mogwedera imameza mawu. Mukatsimikiza zosintha, yezani kaye kutambalala ndi kuya kwa malo ake, chifukwa si mafakitale onse amatsata muyeso umodzi.

Kuimba kwake

Rezoneta ya khosi lozungulira imaimbika m'kachunidwe ka masiku onse, ndipo palibe lamulo loletsa. Koma imadzuka kwenikweni mukaichuna kuti nsambo zonse zosadina zipange kodi imodzi. Kachunidwe ka G ndi kophweka: tsitsani nsambo yachisanu ndi chimodzi kuchoka pa E kufika pa D, yachisanu kuchoka pa A kufika pa G, yoyamba kuchoka pa E kufika pa D. Mwapeza D G D G B D. Ka D ndi D A D F# A D, kakuya ndi kaulemu. Mu G, mukagoneka silaidi pa nsambo zonse pa fureti ya 5 mwapeza C, pa ya 7 mwapeza D, pa ya 12 mwabwerera ku G wam'mwamba. Makodi atatu amenewo akukwanirani nyimbo zosawerengeka. Mukafuna A kapena E, musakokere nsambo m'mwamba. Chunani G kapena D n'kuika kapo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pamodzi, pa fureti yachiwiri. Khosi ndi koni zidzakuthokozani.

Ya ngodya zinayi imachunidwa G B D G B D, kutanthauza kuti nsambo ziwiri zokhuthala zakokedwa m'mwamba kuposa masiku onse, komanso ndi nsambo zolemera, zoyambira pa 16 mpaka 56 (manambala a kukhuthala kwa nsambo yoyamba ndi yomaliza). Khosi lake linachindikalira zimenezo. Musayese kachunidwe kameneka ndi nsambo zotere pa khosi lozungulira. Kumeneko za 13 mpaka 56 ndi poyambira pabwino. Zopyapyala kwambiri sizikankha koni mokwanira, ndipo zimagonja pansi pa silaidi mpaka kugunda mafureti. Oimba ndi silaidi nthawi zambiri amasintha nsambo yoyamba yokha n'kuika ya 15 kapena 16 kuti ilimbe.

Kanthu kena kakang'ono: m'kachunidwe ka G, makina ochunira akakuuzani kuti B walondola, khutu limamva kuti kodiyo ikuwawa pang'ono. Oimba ambiri amamutsitsa B kachidutswa, mpaka kodi itakhala pansi. Khulupirirani khutulo.

Silaidi ndi kachubu kovala kuchala, ka galasi, mkuwa, chitsulo kapena dothi lowotcha. Galasi ndi losalala ndi lofatsa, mkuwa umakanda pang'ono, ndipo kukandako kumayenerana ndi bisiketi. Chachikulu si mtundu, ndi kulemera. Silaidi yopyapyala imatulutsa mawu opyapyala. Ambiri amaivala ku chala chaching'ono kuti zitatu zinazo zitsale zodinira makodi. Ena ku chala cha mphete poti kumeneko imalamulika bwino.

Cholakwika choyamba cha aliyense wochokera ku gitala wamba ndi malo. Zala zinazolowera kudina kumbuyo kwa fureti. Silaidi imaima pamwamba penipeni pa kachitsulo ka fureti, apo ayi mawu amatsikira pansi, ndipo womvera amamva kuti china chake chalakwika ngakhale sadziwa kuti n'chiyani. Chachiwiri ndi kukanikiza. Silaidi sidina, imangokhudza, kulemera kwake kokha n'kokwanira. Mukamva kugogoda kwa mafureti, mwapondereza. Yesani izi: chunani G, ikani silaidi pa nsambo yoyamba pa fureti ya 10, imbani, tsetserekani pang'onopang'ono mpaka pa 12, muime. Imbani nsambo yomweyo yosadina muyerekeze. Mukafika pamalopo, gwedezani dzanja kuchokera pa mkono, osati pa chala, silaidi ikuyenda pang'ono kumbuyo kwa fureti n'kubwerera. Kunjenjemera kumeneko ndi komwe kumasandutsa chitsulo kukhala liwu la munthu, ndipo kumatenga miyezi kuti kusiye kumveka ngati mantha.

Dzanja lamanja lili ndi nkhani yakeyake. Koni imafuna kudzutsidwa. Mukaisisita ngati gitala ya nsambo za nayiloni imamveka yosowa magazi, ndiye ambiri amavala piki ya pulasitiki ku chala chachikulu ndi ziwiri zachitsulo ku zala zotsatira. Masabata oyamba zimakola nsambo, zimagwa, zimapweteka m'mbali mwa zikhadabo. Zachitsulozo zimapindika, ndiye zipindeni ndi pulayala mpaka zigwirizane ndi zala zanu. Kuimba ndi zala zokha n'kotheka ndipo kumatulutsa mawu ofunda, koma pa ya ngodya zinayi pafupifupi aliyense amavala mapiki. Amene anazolowera kutsamiritsa chikhatho pa buliji, pomwe pamakhala sadulo pa gitala wamba, kuti azimitse nsambo zokhuthala apeza kuti pano sadulo yabisika pansi pa lamba wachitsulo wa chivundikiro. Chikhatho chiyenera kusunthira kutsogolo pang'ono, ndipo poyamba zimamveka zachilendo.

Pokweza mawu pa siteji, maikolofoni yolozetsa pa chivundikiro, patali ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, ndi yomwe imagwira mawu enieni. Muyesenso kuilozetsa pakati pa chivundikiro ndi mabowo a pafupi ndi khosi, poti mawu akuya amatulukira kumeneko. Pikapu ya maginito, kachipangizo kotengera mawu ku ampulifaya, imamva nsambo zokha, osati koni, ndiye zomwe zimatuluka mu ampulifaya ndi gitala ya magetsi. Si zoipa, koma musalipire ndalama zowonjezera poganiza kuti mukugula mawu a rezoneta okwezedwa.

Chovuta kwambiri pa zonse, chomwe chimasiyanitsa wophunzira ndi woimba, ndi kuzimitsa. Rezoneta imakweza chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe. Silaidi ikakhudza nsambo, mbali zonse ziwiri zimalira, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo yakumbuyoyo imatulutsa kamluzu kosagwirizana ndi nyimbo. Chala chimodzi, kawirikawiri chamkombaphala, chizikhala chogona mopepuka pa nsambo kumbuyo kwa silaidi, chikuyenda nayo kulikonse. Pa ya ngodya zinayi ntchitoyi ndi ya chala cha mphete ndi chaching'ono, zomwe zimakwekwereza kumbuyo kwa chitsulo. Dzanja lamanja nalo limazimitsa: chala chomwe chaimba nsambo chimabwerera kukaikhudza nthawi yomwe china chikuimba yotsatira. Tengani manotsi atatu okha pa nsambo ziwiri zoyamba, muwaimbe pang'onopang'ono, mujambule ndi foni, mumvere. Ulendo woyamba mudzamva nsambo zinayi zomwe simunaziimbe zikung'ung'udza pansi. Bwerezani mpaka zitatsala ziwiri, kenako imodzi.